Mankhwala opanda mlingo

Munthu wamkulu akamathamanga m'mawa kuno ku Area 23, anthu sayang'ana iyeyo. Amayang'ana kumbuyo kwake kuti aone chimene chikumuthamangitsa. Akapanda kuona galu kapena chikhamu chokuwa kuti wakuba, m'pamene amamuyang'ana mwini wakeyo, mwachifundo, ngati munthu amene mutu wayamba kusokonekera. Ndikudziwa chifukwa zidandichitikira masiku atatu otsatizana chaka chatha, m'mwezi wa Juni. Tsiku lachinayi sindidadzuke.

Chidandiyambitsa ndi mutu. Udandiwawa sabata yathunthu, panado n'kulephera. Mayi a kunyumba atatopa ndi kubuula kwanga adandikankhira kuchipatala china chaching'ono, komwe adandimanga lamba uja pamkono n'kupeza kuti BP yakwera. Adokotala ake, mnyamata waulemu ndithu, adandiuza kuti mwina mutuwo udali ndi zifukwa zake zina, pakuti BP nthawi zambiri imakwera mwakachetechete, koma ndidachita mwayi kuti wandibweretsa. Adalemba m'buku langa la kuchipatala dzina la mankhwala, kukula kwa pilitsi, kangati patsiku, kwa masiku angati, ndi tsiku loti ndidzabwerenso. Zonse mwadongosolo lake. Ndiye pondibwezera bukulo, maso ali kale pa wodwala wotsatira, adati: "Bambo, muchepetse mchere, komanso muzichitako masewera olimbitsa thupi."

Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Masewera ati, kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, kuyambira pati, palibe chidalembedwa.

Akadachita chimodzimodzi ndi mapilitsi aja, kundininkha botolo n'kungoti "muzimwako", bwenzi nditamwa khumi tsiku loyamba n'kukomoka, kapena kumamwa limodzi pamwezi n'kumadabwa kuti sakugwira ntchito. Ndi masewerawa ndidachita zoyambazo. Ndidapita kumsika wa Tsoka kukasankha nsapato za pakaunjika, ndipo m'mawa mwake ndidaliyatsa liwiro la mnyamata wa zaka 18 pamene ine 40 ndidaidutsa kalekale. Fulumira adadya gaga. Pofika tsiku lachitatu maondo ankalira ngati chitseko cha dzimbiri, chifuwa chikuwotcha ndi chisanu, ana opita kusukulu akugwirana m'mapewa ndi phwete. Nsapato zija zidalowa kunsi kwa bedi, ine n'kudziweruza ndekha kuti ndine mlesi.

Chigamulo chimenecho lero ndikuchikana. Ulesi ulipo, sinditsutsa, koma chidandigwetsa ine n'chakuti adandipatsa mankhwala opanda mlingo. Kuyenda, kuthamanga, kupalasa njinga ndi kunyamula zolemera ndi mankhwala enieni, ndipo mlingo wake ulipo, wodziwika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Kuwerengera kwachidule ndi mphindi 30 patsiku, masiku asanu. Wothamanga zenizeni angayambire pa mphindi 75 pasabata. Kuwonjezera apo, masiku awiri pasabata akhale ndi zolimbitsa minofu, ngakhale kungokhala ndi kuimirira pampando kambirimbiri, kapena kunyamula chigubu cha madzi. Ana a zaka 5 mpaka 17 awo ndi ola lathunthu tsiku lililonse, zimene kale fulaye, jingo ndi chipako zinkakwaniritsa popanda wowerengera.

Mphamvu yake poyeza sipafunika makina. Yendani ndawala mpaka pamene mungathe kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo ya kwaya osadukiza. Ngati mukuimba bwinobwino ndiye kuti mukungowongola miyendo. Ngati mawu atatu okha akukutherani mpweya, mwapyola, bwererani pang'ono. Ndipo amene wakhala zaka osachita kanthu asayambire pa 30. Ayambe ndi mphindi 10, sabata yotsatira awonjezereko zisanu, mpaka akafike. Palibe adandiuza zimenezi, ndipo zikadatenga nthawi yochepa kuposa imene namwino adatenga pondimanga lamba uja.

Chifukwa chimene mlingowu uli wa masiku ambiri pasabata chili m'thupi momwemo. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga kuchoka m'magazi, ndipo imapitiriza kumukoka bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri munthu atasiya. Kenaka mphamvuyo imazilala, monga amathera mankhwala ena aliwonse. N'chifukwa chake odwala shuga amalangizidwa kuti asadumphitse masiku opitirira awiri otsatizana. BP nayo imatsikako kwa maola angapo munthu akayenda ndawala, ndipo kwa amene ili yokwera, kulimbikira kwa miyezi kumatha kutsitsa nambala yapamwamba ija ndi 5 mpaka 8. Apa ndiwadandaulireko madala a mpira wa soshozi, amene amathamanga Lamlungu lokha masana dzuwa lili paliwombo, n'kukatsuka kukhosi mpaka usiku, kenaka kukhala pansi masiku asanu ndi limodzi. N'kwabwino kuposa kungokhala, koma kumeneko n'kumwa mapilitsi a sabata yonse tsiku limodzi.

Amene akukayika kuti kuyenda kungapikisane ndi mankhwala a m'botolo amve izi. Ku America adatenga anthu opitirira 3,000 amene shuga wawo adali atayamba kukwera koma asadafike podwala. Ena adawapatsa metformin, yemwe odwala shuga athu amamudziwa bwino. Ena adawathandiza kusintha kadyedwe, kuchepetsako thupi ndi kuyenda mphindi 150 pasabata. Zotsatira zake zidatuluka mu 2002: metformin adachepetsa chiwerengero cha odwala shuga ndi 31 pa 100 aliwonse, pamene kudya mosamala ndi kuyenda kudachepetsa ndi 58. Sindikuti wina ataye mapilitsi ake, chonde. Ine anga ndikumwabe m'mawa uliwonse. Ndikungoti chinthu champhamvu chotere sichiyenera kunenedwa pakhomo potsanzikana.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya mabasi a ku London. Mu 1953 dokotala wina, Jerry Morris, adafalitsa zimene adapeza poyerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanjikizana aja. Anthuwa ankagwira ntchito m'basi imodzi, maola ofanana, ochokera m'mabanja ofanana. Kusiyana kwake, dalaivala ankakhala pampando tsiku lonse pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Madalaivala ndiwo ankadwala ndi kufa ndi mtima kwambiri kuposa makondakitala. Mwini kafukufukuyo adatsatira zimene adapeza, ankachita masewera mpaka ukalamba, ndipo adamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Kaimeni pa depoti m'tauni muja muone ngati sizomwezo. Kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 amatsika pasiteji iliyonse, kutsegula chitseko, kukweza thumba la chimanga, kuthamangira munthu amene akufuna kukwera ya mnzake. Ndi wowonda ngati bango. Akapeza laisensi n'kukhala pa chiwongolero, mupatseni zaka ziwiri. Chiwaya ndi kanyenya zimamupeza pawindo, chakumwa chozizira chili pambali, mimba n'kufika pa chiwongolero. Ife timamuyamikira kuti watukuka.

Ndikudziwa kuti ena akuwerenga akuseka kale: "Ife masewera timachita tsiku ndi tsiku, dzina lake ndi umphawi." Akunena zoona, ndipo ndemanga ino si yawo kwenikweni. Mayi wa ku Chinsapo amene amapita kukiyosiki ya madzi kanayi ndi ndowa ya malita 20 pamutu mlingo wake akuukwanitsa. Bambo wa ku Mgona amene amayenda pansi kupita ku Kanengo kukasenza matumba akuupitirira. Amenewa chimene akusowa ndi chakudya chokwanira ndi nthawi yopuma. Ine ndikunena ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene amakhala pansi pa ambulera kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndikunena telala, wogulitsa mu okala, mayi wa pasaluni, ndi ife a m'maofesi. Ndikunenanso tonse amene kabaza wa njinga yamoto watilanda miyendo. Mtunda umene zaka khumi zapitazo tinkauyenda tikucheza, kuchoka pasiteji kukafika kunyumba, lero timaukwerera, ndipo woyenda pansi timamuona ngati wasowa ndalama.

Zotsatira zake zidayezedwa komwe kuno. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la kafukufuku la MEIRU lidayenda khomo ndi khomo ku Area 25 komanso kumidzi ya ku Karonga, kuyeza anthu pafupifupi 29,000. Ku Area 25, amayi 44 mwa 100 aliwonse adapezeka ndi thupi lopitirira muyezo, pamene abambo adali 18. Kumudzi kuja amayi adali 27, abambo 9. Ambiri mwa amene adapezeka ndi BP yokwera sankadziwa n'komwe kuti ali nayo. Amenewatu si anthu a ku Area 10 kapena Area 43 okhala kumipanda. Ndi anthu okwera minibasi ngati inu ndi ine.

Nanga ngati zonsezi zili zoona, n'chifukwa chiyani timayamba n'kusiya? Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa mlingo wolembedwa bwino nawonso sumwedwa wokha.

China mwa zotigwetsa ndi maso a anthu. Kwathu kuno kunenepa ndi umboni woti pakhomo pali mtendere. Mkazi akanenepa, achibale amayamikira mwamuna kuti akusamala. Ndipo sitidaiwale zaka zija pamene munthu akayamba kuwonda anthu ankanong'onezana kuti wadwala matenda aja. Mantha amenewo adakalipo m'mitima, ngakhale ma ARV adasintha zinthu. Mlongo wanga wina atayamba kuyenda n'kutsikako thupi, apongozi ake adamuitanira kuseri n'kumufunsa ngati m'banjamo muli bwino. Adasiya sabata yomweyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ndani angauze apongozi zimenezo?

Kwa amayi palinso nkhani ya chovala. Kuthamanga utamanga chitenje n'kovuta, koma kuvala thalauzi lothina n'kudutsa pamsika m'mawa kumafuna mtima wolimba. Mu Januwale 2012 amayi adavulidwa m'misewu ya mzinda uno chifukwa cha mathalauzi ndi masiketi aafupi, patapita zaka pafupifupi 20 chichotsereni lamulo lowaletsa kuvala choncho. Zoterozo zidatsutsidwa, koma malikhweru ndi mawu otukwana sizidathe. Mayi woyenda yekha 5 koloko m'bandakucha amaopanso achifwamba ndi agalu. Tikamamunena kuti ndi waulesi tikumulakwira.

China ndi sikelo. Ambiri timayamba kuti tiphwetse mimba. Pakatha mwezi timakwera pa sikelo ya anyamata oyeza anthu m'mbali mwa msewu aja, singano n'kuima pomwe idaima kale, mtima n'kugwa. Zoona zake n'zakuti kuyenda kokha, nsima ikadali mitanda inayi, sikuchotsa makilogalamu ambiri. Koma BP imatsika, shuga amakhazikika, tulo timabwera, kupsa mtima kumachepa, ngakhale sikelo isasunthe. Tikuyeza phindu ndi muyezo wolakwika. N'chimodzimodzi ndi anzanga amene amadzizunza ndi nambala ya masitepe 10,000 pa foni. Nambala imeneyo idatchuka ndi malonda a kachipangizo kowerengera masitepe ku Japan m'zaka za m'ma 1960, ndipo phindu limayamba munthu asadafike n'komwe pamenepo.

Koma chachikulu n'chakuti mantha sakhalitsa. Tsiku limene adakuuza kuti BP yakwera, kapena pobwera kumaliro a mnzako amene adagwa ndi sitiroko, umalumbira kuti mawa ndiyamba. Mantha amakudzutsa sabata imodzi. Sabata yachiwiri bulangete la m'Juni limawagonjetsa. Chimene chimasunga munthu ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimachedwa kumera. Ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, adatsatira anthu amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku. Adapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66 kuti chinthucho chizichitika chokha popanda kudzikakamiza, ndipo ena ankafunika masiku opitirira 200. Adapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga kanthu. Ine ndidadzichotsa pampikisano tsiku lachinayi, ndisadafike ndi pa chiyambi pomwe.

Funso ndiye n'lakuti, ndani akunyamule miyezi iwiri kapena itatu imeneyo, pamene mantha atha koma chizolowezi sichidamere? Yankho lake Amalawi tili nalo kale, kungoti sitidaligwiritse ntchito pankhaniyi. Pamene ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, woyamba mankhwala ankauzidwa kuti abwere ndi gadiyani, munthu womukumbutsa ndi kumulimbikitsa. Odwala TB nawo kuyambira kale amamwa mankhwala wina akuona n'kuchonga pakhadi. A zaumoyo adazindikira kuti munthu payekha, ngakhale akudziwa kuti moyo wake wagona pa pilitsi limenelo, amatopa. Amayi a banki mkhonde ndi a chipereganyu amadziwanso chimodzimodzi. Ndalama imene sungathe kuisunga wekha m'nyumba umaipeza ndithu likafika tsiku losonkha, chifukwa anzako akukudikira ndipo manyazi ndi aakulu kuposa chilakolako cha chiwaya.

Ine gadiyani wanga adandipeza yekha. Ndi aneba anga, aphunzitsi opuma ntchito, amene akhala ndi shuga zaka zambiri. Adaona nsapato zija zitayanikidwa mayi a kunyumba atazichapa kuti akapatse mphwanga, ndipo adandiitana pampanda.

"Achimwene, ndidakuonani masiku aja mukuthamanga ngati mwaba nkhuku. Chidakuletsani n'chiyani?"

"Maondo, aphunzitsi. Zimenezi n'za anyamata."

"Maondo alibe mlandu. Mawa kota pasiti faifi ndigogoda pageti. Sitithamanga, tiyenda. Mukapanda kutuluka ndigogodabe mpaka adzuke onse a m'nyumbamo."

Adagogodadi. Tsiku loyamba tidangoyenda mphindi 15, ine n'kumaona ngati zachibwana. Iwo adali ndi kope la sukulu momwe ankachonga tsiku lililonse, ndi siwiti ziwiri m'thumba kuchitira kuti shuga angatsike panjira. Pobwera ankavula nsapato n'kuyang'ana mapazi ngati pali chilonda, monga adawalangizira kuchipatala. Adandiuzanso lamulo lawo: chifuwa chikathina, mutu ukazungulira kapena mpweya ukabanika modabwitsa, timaima, ndipo ulendo wotsatira ndi wa kuchipatala. Nthawi sitikambirana, njira sitikambirana, n'zokhazikika: Lolemba mpaka Lachisanu, ola lomwelo, njira yomweyo. Poyamba ndinkaona ngati kuuma mutu kwa aphunzitsi akale, koma m'menemo ndi momwe muli nzeru. Munthu amene wanena kuti "ndiziyenda ndikapeza mpata" mpatawo saupeza. Amene wanena tsiku, ola ndi malo watseka pakamwa pa mkangano wa m'bulangete uja.

Masiku ambiri sindidzuka chifukwa choganiza za mtima wanga. Ndimadzuka chifukwa sindingasiye munthu wa msinkhu wa bambo anga ataima pageti pachisanu. Ndipo panjira timacheza: za Silver Strikers, za mtengo wa feteleza, za ana a masiku ano. Patapita miyezi ndidazindikira kuti ndikudzukira machezawo. Pano tilipo asanu, kuphatikizapo amayi awiri a kutchalitchi kwawo, amene amayenda atamanga zitenje zawo, ndipo palibe amawaimbira likhweru poona kuti ali pagulu. M'nyengo ya mvula tidaphonya masiku ambiri chifukwa cha matope, pamaliro a mlamu wanga ndidasowa sabata ziwiri, koma kope lija lidandidikira.

Zinthu zotere zilipo kale m'makwalala mwathu, kungoti sitizitcha mankhwala. Anyamata a ku Kawale ndi ku Biwi amene amathira simenti m'zitini za penti n'kupanga zitsulo zonyamula kuseri kwa nyumba amalimbikira chifukwa amadikirana. Amayi a ntchemberembaye saphonya masewera chifukwa timu ingaperewere. Ngakhale kwaya yovina ndi chimtali cha pachinkhoswe zimatulutsa thukuta lokwanira mlingo. Amene sakonda kuyenda asadzikakamize, apeze chimene chimamukoma, bola chikhale ndi tsiku lake ndi anthu ake.

Za malo ndinenako pang'ono. Mzinda uno uli ndi Bingu National Stadium imene idatsegulidwa mu 2017, ndipo masewera a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022 adatisiyira zomangamanga zina. N'zonyaditsa, koma ambirife timapitako kukakhala pansi n'kuonera ena akuthamanga. Mayi wa ku Chinsapo sangalipire minibasi ziwiri kuti akayende mphindi 30. Iye akufuna njira ya oyenda pansi m'mbali mwa msewu kuti asamalimbirane ndi njinga zamoto, magetsi a mumsewu oyaka, ndi mabwalo ngati Masintha ku Kawale otetezedwa kuti asasanduke mapuloti. Makhansala athu akamawerenga chitukuko aziwerengako zimenezi.

Koma pempho langa lenileni likupita kwa a zaumoyo, ndipo silifuna ndalama za bajeti. Ku New Zealand, kuyambira mu 1998, dokotala amatha kulembera wodwala masewera papepala monga amalembera mankhwala, ndipo pamakhala womutsatira kumufunsa momwe zikuyendera. Ife pepalalo tili nalo kale, ndi buku la kuchipatala, ndipo Mmalawi amalemekeza cholembedwa m'bukumo kuposa mawu apakamwa. Ndikudziwa mizere ya m'zipatala zathu, ndikudziwa kuti dokotala m'modzi amaona anthu ochuluka kuposa mphamvu zake. Koma mzere umodzi wokha ungakwane: kuyenda ndawala, mphindi 10, masiku asanu pasabata, kuwonjezera zisanu sabata iliyonse mpaka 30. Pansi pake funso limodzi, lomwe lija munkafunsa oyamba ma ARV: muziyenda ndi ndani? Ndipo wodwalayo akabweranso kudzatenga mapilitsi, mufunseni za mzere umenewo monga mumafunsira za mapilitsiwo.

Mwezi watha ndidapitanso kukayezetsa. Nambala yatsika, mapilitsi sadandichotsere, ndipo mimba ikadalipo ndithu. Ndidawapempha adokotala aja kuti andilembere za kuyendazo m'buku. Adaseka, koma adalemba. Inu amene nsapato zanu zili kunsi kwa bedi, musagule zina. Madzulo ano kagogodeni kwa aneba anu mupangane ola la mawa.